Miyala Imene Ndinasungiramo Dzuwa

Funso limene landitsata kuyambira pamene tinabwerera kuno nkhondo itatha ndi ili: kodi munthu amene wabwera kudzanena chinthu cholemera amasowa nthawi yotalika bwanji kuti afike pa mawu ake, ndipo ndani ayenera kumufunditsa pamene akuwafunafuna? Ana inu mukhoza kuseka, pakuti kwa inu uthenga umatha chala chisanachoke pa telefoni. Koma takhalani pansi, pamiyala pomwepo. Iwe Tereza, usayale kapulana, nsalu yakoyo, msanga, yamba wagwira mwalawo ndi dzanja. Wamva? Dzuwa lapendeka kale, koma iwo udakali wofunda ngati msana wa ng'ombe.

Inu munabadwira ku Tete, kumene munthu amathawa dzuwa. Kuno ku Ntengo-Wambalame timalisaka. M'miyezi ya Junyu ndi Julyu nkhungu imagona m'madambo mpaka atambala atatopa kulira, udzu umayera mbuu ndi chisanu, ndipo masamba a kachewere amada ngati awauka ndi moto. Masana kumawala bwino, thambo lopanda ndi kamtambo komwe, kotero kuti mlendo amanyengeka n'kuvula kazako wake, jekete lija. Koma dzuwa likangokhudza phiri lakumadzulo, kuzizira kumatsika m'mapiri mwakachetechete monga madzi amatsikira m'ngalande. Kumayamba kugwira akakolo, kenako mawondo. Pamenepo msonkhano uliwonse wa panja umabalalika, kaya unali wa mpingo, wa ukwati kapena wa mlandu.

Tsono pali chinthu chachiwiri chimene muyenera kuchimvetsa. Kwathu nkhani yaikulu siyamba, imatsiriza. Mlendo amafunsa za moyo, za ana, za mbuzi, za mphepo ya chaka chino poyerekeza ndi ya chaka chatha. Amazungulira chimene wadzera monga ng'ombe imazungulira chithaphwi isanamwe. Mwambo umenewu unabadwira kumalo otentha, kumene madzulo ndi aatali. Pamwamba pano mwambowo ndi nyengo sizigwirizana. Ndikukhulupirira kuti m'boma lino muli nkhani zambiri zimene sizinanenedwe, osati chifukwa eni ake anazibisa, koma chifukwa dzuwa linawathera.

Agogo anu aakazi, aNambewe, anali ndi mlongo wawo mmodzi, a Benadu, wamkulu kwa iwo. Mayi awo anali aNangozo, apongozi anga. Nkhondo itakula, ine ndinali kumzinda, ndikuphunzitsa Fizika nditangomaliza ku univesidadi. Agogo anu anali atabwera kuno kudzathandiza kukolola, mayi ako, iwe Tereza, ali kumsana, pamene msewu unatsekeka. Anthu anayamba kuwolokera ku Malawi, ndipo iwonso anapita nawo. Koma aNangozo miyendo yawo inali yotupa, ndipo anakana kukafera kudziko la eni. A Benadu anatsala nawo. Pambuyo pake mudzi unatenthedwa, ndipo amene anatsala anathawira kumadzulo, kunkhalango za ku Macanga.

Mtendere utabwera, agogo anu anabwerera, inenso ndinasiya mzinda n'kudzakhala mkamwini pano, ndikuphunzitsa pa shikola yapafupi. Tinamanga nyumba iyi pabwinja la aNangozo. A Benadu anabwera okha, atawonda ngati bango. Mawu awo anali awiri.

"Mayi anatisiya."

"Kuti, achimwene?"

"Kutali."

Zinathera pomwepo. Agogo anu ankafuna chinthu chimodzi chokha: kudziwa pamene mayi awo agona, kuti akasese, akaike mtanda, akawauze kuti mwana amene anali kumsana uja wakula. Ankawalota kawirikawiri. "Ndimawaona ataima panjira," anandiuza m'mawa wina akupeta chimanga, "atasenza mtolo wa nkhuni, akusowa poutula." Anayamba kuonda nawonso, ndipo nyimbo za ku Misa zimene ankaimba akamasinja zinaleka.

A Benadu anamanga kanyumba kawo kutsidya kwa dambo. M'dzinja sankaoneka, pakuti aliyense amakhala m'munda. Ankabwera nthawi yachisanu, anthu atakolola, imene ndiyo nyengo yochezerana. Lamulungu lililonse, atatuluka ku Misa, ankafika pabwalo pano n'kukhala pachitsa. M'nyumba sankalowa. Tinkawachonderera, tinkawaseka, tinkawauza kuti mipando siluma. Iwo ankangoti, "Pano pali bwino, achemwali," n'kuvula chipewa, n'kuchiika pabondo.

Ine ndili ndi chizolowezi cha mphunzitsi, chopenyetsetsa chinthu chimene chikuchitika mobwerezabwereza. Ndinaona kuti macheza awo ankayenda njira imodzimodzi, ngati munthu wotsika phiri. Ankayamba ndi moyo, kenako kachewere, kenako mitengo ya mapichesi imene inapulumuka moto. Kenako ankatchula anthu amene sanabwerere. Kenako chaka chimene mudzi unapsa. Tsiku lina anafika mpaka pa miyendo ya aNangozo, mmene ankaikulungira masamba kuti ayende. Koma nthawi zonse, asanapitirire, mthunzi wa phiri unkafika pamapazi awo. Ankauyang'ana, ankavala chipewa.

"Kwazizira, achemwali. Tidzacheza Domingu, tikatuluka ku Misa."

Ndinawauza agogo anu kuti, "Mlongo wanu sakubisa. Akubwera nayo nkhaniyo mlungu ndi mlungu. Dzuwa ndi limene likuwathera."

Iwo anandiyang'ana ndi diso limene inu mukulidziwa. "Inu a Profesori, chilichonse kwa inu ndi Fizika. Munthu akakhala wouma mtima mudzati ndi mphepo."

"Mwina ndi wouma mtima," ndinayankha. "Koma mtima wawo sindingathe kuukonza. Bwaloli ndingathe."

Poyamba ndinachita chimene aliyense angachite. Ndinadula nkhuni zazikulu, ndipo Lamulungu lotsatira ndinakoleza moto pakati pa bwalo dzuwa lisanapendeke. Unayaka bwino, moto wa ulemu. Koma kwathu utsi wa panja ndi chiitano. Anafika a Kandulu, neba wathu wa mawu ngati ng'oma, akufuula ali kutali kuti, "Kodi kwagwa mbuzi kwa a Profesori, ife osatiuza?" Anafika ana ndi kachewere m'matumba, n'kumukwirira m'phulusa. Anafika amayi a kwaya amene ankapita kwawo, n'kuyamba kubwereza nyimbo pomwepo. Anali madzulo okoma kwambiri, ndipo ndimawakumbukirabe ndi fungo la kachewere wopserera. A Benadu anaseka nawo, anadya nawo, ndipo anachoka msanga kuposa masiku onse. Ndinayesanso milungu ingapo ndi moto wocheperako. Zotsatira zake zinali zomwezo, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chinatha.

Ndinamvetsa pamenepo kuti funso langa ndinali nditalifunsa molakwika. Sindinkafuna moto. Ndinkafuna kufunda kosaoneka, kopanda utsi, kumene sikungaitane munthu wachinayi.

Iwe Paulo, dzana unandionetsa pa telefoni chinthu chachitali ngati bowa wachitsulo, choyaka ndi gasi, chimene amaika panja m'malo odyera ku Maputo, ndipo unati udzandigulira. Ndathokoza. Koma ndinachiyang'anitsitsa, ndipo ndikuona kuti ntchito yake yaikulu ndi kutenthetsa thambo. Thambo la kuno ndi lalikulu, mdzukulu wanga, ndipo silinayambe lakhuta. Ife tili ana tinalibe zimenezo. Tinali ndi mbaula ya chitini yoboola ndi msomali. Tinali ndi phale, chidutswa cha mphika wosweka, chimene tinkanyamuliramo makala kuchoka nyumba ina kupita ina, tikuthamanga mowerama ngati tanyamula mwanapiye. Ndipo m'mawa wopita ku shikola ya misiyoni, mayi anga ankafukula mwala m'phulusa la dzulo, n'kuukulunga m'chiguduli, n'kundipatsa. Ndinkayenda nawo pachifuwa m'nkhungu, osaona ngakhale zala za kumapazi, ndikumva belu kutsogolo ngati likulira pansi pa madzi. Nthawi zina ndimaganiza kuti ubwana wanga wonse unali umenewo: mwana woyenda mumtambo atakumbatira mwala wofunda. Tikafika tinkausiya pakhomo la kalasi, ndipo masana tinkapeza mulu wa miyala yozizira, wosadziwika kuti uwu ndi wa yani.

Mwala umenewo ndi umene unandibwerera m'maganizo. Mwala sufulumira. Umachedwa kulandira kutentha, umachedwanso kukubweza. Ku univesidadi anatipatsa dzina la khalidwe limeneli ndi masamu ake, koma mayi anga ankaligwiritsa ntchito popanda dzina, ndipo zonse ziwiri ndi zoona.

Chaka chotsatira, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, ndinayamba ntchito. Ndinkaima pabwalo madzulo ndikuwaza phulusa m'mwamba kuti ndione kumene mphepo ikuchokera. Inkachokera kumwera chakum'mawa, ndipo kumeneko ndinamanga mpanda wa tsekera wothithikana, wotalika kupitirira mutu wa munthu wokhala pansi. Ndinabwereka ngolo n'kukatuta miyala yakuda kumtsinje, pakuti wakuda umamwa dzuwa kuposa woyera. Ndinaisanja mokhota ngati mwezi watsopano, ndi potsamira msana, moyang'ana kumpoto chakumadzulo, kumene dzuwa la chisanu limalowera. Popeza mpweya wozizira ndi wolemera ndipo umafuna potsikira, ndinasiya mpata pansi pa mpanda, pangodya yakumunsi iyo, kuti usadikhe ngati madzi m'mbiya. Kumbuyo ndinaika kachisakasa kafupi ka mapesi a tirigu, kuti kutentha kusathawire kumwamba. Potsiriza ndinakonza phale la makala a zitsononkho, okwiriridwa ndi phulusa, amene amafunda nthawi yaitali osafuka.

Mudzi unapeza choseka. A Kandulu ankauza aliyense kuti a Profesori akumanga khola la dzuwa, ndipo ankafunsa ngati lidzaswana. Agogo anu ankangopukusa mutu, koma ndinawapeza m'mawa wina akumata dothi m'mipata ya miyala popanda wowatuma. A Benadu anabwera ntchito ili mkati, anaima ndi manja kumbuyo, nati kwa ine mlamu wawo, "Kodi a kunyadu, mukumanga manda a ndani?" Ananena moseka. Koma mawuwo atangotuluka nkhope yawo inasintha, ndipo tsiku limenelo sanakhale n'komwe.

Lamulungu limene ndikufuna kukuuzani linali la m'Julyu, lowala ngati madzi a pakasupe. Miyala inali itamwa dzuwa kuyambira m'mawa. A Benadu anafika, anayang'ana chitsa chawo, anayang'ana miyala, nakhala pamene wakhala iwe Paulo. Agogo anu anakhala pamphasa apo. Ine ndinaika phale pakati n'kufuna kuchoka, pakuti nkhani ya mbumba si ya mkamwini.

"Khalani, alamu," anatero a Benadu. "Mwamanga ndinu."

Anayamba monga mwa nthawi zonse. Moyo, kachewere, mapichesi. Amene sanabwerere. Chaka cha moto. Miyendo yokulungidwa masamba. Ine sindinkamvetsera kwenikweni, ndinkayang'ana mthunzi wa phiri ukuwoloka dambo, ukukwera munda, ukulowa pabwalo. Unafika pamapazi awo. Anauyang'ana. Dzanja lawo linapita ku chipewa, koma dzanja linalo linali pamwala, ndipo linakhala pomwepo. Kunja kwa mpanda mphepo inkaliza tsekera, koma mkati muno phulusa la m'phale silinagwedezeke. Njiwa inalira, inaleka.

"Achemwali," anatero a Benadu potsiriza, "mayi ndinawaika ndekha."

Kenako anapitiriza.

"Tinali awiri basi. Enawo anali atapitirira. Anamwalira m'mawa, ndikuwaphikira phala la mizu. Panalibe adzukulu a pamanda, panalibe mkulu, panalibe munthu. Ndinakumba ndi khasu lothyoka mpini. Ndinawakulunga m'kapulana yawo ndi makungwa. Ndinawanyamula ndi manja awa."

Ana inu mwina simukumva kulemera kwake. Kwathu mwana sagwira mtembo wa kholo lake, ndipo sakumba manda ake. Ntchito imeneyo ndi ya anthu a banja lina, ndipo iwonso akamaliza amasamba mankhwala. Pambuyo pake abale amameta, ndipo maliro amatha. A Benadu anachita zonse zimene mwana sachita, ndipo palibe amene anawamasula.

"Sindinasambe, sindinamete," anapitiriza. "Imfa ya mayi idakali pathupi panga. Tsono ndingalowe bwanji m'nyumba mogona ana?"

Agogo anu anawafunsa kuti, "Zaka zonsezi mwakhala pachitsa chifukwa cha zimenezo?"

"Ee."

"Ine n'kumati mukundida chifukwa ndinathawa."

"Iyayi. Inu munathawitsa mwana."

"Ndinu opusa, achimwene," anatero agogo anu. "Ndinu opusa kwambiri. Munawaika mayi, osawasiyira afisi, ndiye n'kumachita manyazi?" Anadzuka pamphasa, anapita kukakhala pamwala pafupi nawo, n'kuwagwira dzanja limene iwo ankaliopa lija. Kenako anafunsa motsitsa, "Ndi kuti?"

"Kuseri kwa Chidzolomondo. Pali kamtsinje. Pali muwanga waukulu wa mphanda, ndi chulu pansi pake. Ndikapita ndikazindikira."

Mwambo unachitika mwezi usanathe. Akuluakulu a banja anabwera, anawasambitsa, anawameta, ndipo ku Misa dzina la aNangozo linatchulidwa pakati pa omwalira. Tsiku limenelo a Benadu analowa m'nyumba iyi koyamba. Anawerama pakhomo ngakhale khomolo ndi lalitali, anakhala pampando mosamala ngati ungasweke, ndipo mayi ako, iwe Tereza, anawabweretsera thobwa. A Kandulu, amene sankasowa pena paliponse, anati, "Pronto, basi, khola la dzuwa laswa." Palibe amene anawatsutsa.

Mudzandifunsa ngati inalidi miyala imene inawatsegula pakamwa. Sindikudziwa. Mu Fizika timabwereza kuyesa kuti titsimikize, koma madzulo amenewo sangabwerezedwe. Mwina nthawi yawo inali itangokwana. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi chakuti mthunzi unafika ndipo munthuyo sanadzuke. Tsopano ndakalamba, ndipo ndine amene ndimakhala pano kudikira kuti mafupa afunde, ndimazindikira kuti thupi lozizidwa limapatsa munthu chifukwa chaulemu chochokera. Ndinangowachotsera chifukwa chimenecho.

Tinanyamuka mvula isanayambe, atatu, agogo anu atakulunga mtanda wathabwa m'kapulana yatsopano. Tinakwera chapa, kaminibasi kaja, tinagona kwa abale panjira, tinafika ku Furancungo titayera ndi fumbi, kenako mota, njinga yamoto ija, kenako wapansi. Njira yonse a Benadu ankalankhula za nkhalango, mmene inkachitira mdima masana, mmene ankamvera uchi kununkha osauona. Ndinali ndisanawamvepo akulankhula chotero. Ankayenda patsogolo ngati mnyamata.

Titafika kuseri kwa Chidzolomondo anachepetsa liwiro, kenako anaima. Nkhalango panalibe. Panali minda yolimidwa kale kudikira fodya, mizere yofiira mpaka kumene maso amalekeza, ndi zigafa zaudzu apa ndi apo. Timitsinje tinalipo tambiri, touma, tofanana. Zulu zinaliponso zambiri. A Benadu anapita pa chulu china, anazungulira, anabwerera. Anapita pa chinanso. Chipewa chinali m'manja.

Tinapeza mayi wina akuthirira nazale ya fodya m'mphepete mwa dambo. Atatilonjera, a Benadu anafunsa za muwanga waukulu wa mphanda.

"Miwanga inalipo yambiri, bambo," anatero mayiyo. "Yagwa posachedwapa, chaka chathachi ndi chino, pamene anthu amatsegula minda. Ina inapita ku zigafa, ina ku makala. Zitsa tinatentha. Kodi munasiyapo chiyani?"

"Mayi athu," anayankha agogo anu.

Mayiyo anaika chitini pansi, anagwada, nati, "Pepani. Ife tinabwera kuno kulibe munthu. Sitinadziwe."

Tinafunafuna mpaka miyendo inakana, ndipo m'mawa mwake tinayambiranso. Pomaliza a Benadu anaima pakati pa zulu ziwiri zotalikirana, naloza. "Apa," anatero. Kenako anatembenuka. "Kapena apo." Ine ndinanena kuti tikhoza kuika mtanda pa chimodzi mwa ziwirizo, popeza cholinga n'chimene chili chachikulu. Agogo anu anakana. "Sindingalire pa chulu cha eni," anatero. Anapemphera ataimirira, akuyang'ana dambo lonse, ndipo tinabwerera.

Pobwerera m'chapa ndinawerengera nyengo, monga mwa chizolowezi changa. Chaka chimene ndinkakoleza moto pabwalo pano, ana akuwotcha kachewere, amayi akuimba, n'kutheka kuti muwanga uja unali udakaima.

A Benadu anabwererakonso kangapo okha, osapeza kanthu. Anamwalira inu musanabadwe, ndipo tinawaika kumanda a mudzi uno, ndi adzukulu, ndi nyimbo, monga kuyenera. Anali munthu yekhayo amene anaona malo aja ndi maso. Agogo anu aakulu aNangozo agona penapake kuseri kwa Chidzolomondo, pansi pa munda wa fodya, ndipo amene amalima pamwamba pawo sakudziwa.